Makina oyezera miyala ndi simenti m'mayunivesite athu asamakhale a munthu mmodzi

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani yomwe simakonda kutuluka mu nyuzipepala koma ikutipweteka ngati dziko, nkhani ya makina a m'malabu a mayunivesite athu. Sindikunena timamaikulosikopu tija ana a sekondale amaonera khungu la anyezi ayi, ndikunena makina akuluakulu oyezera dothi, miyala, simenti ndi zitsulo, omwe amakuuza kuti mkati mwa mwala uwu muli chani ndipo chilimo chambiri bwanji. Ine ndagwira ntchito ya utekinishani mu labu kwa nthawi yaitali ndithu ndipo maganizo anga ndi akuti makina amenewa tisiye kugula dipatimenti iliyonse payokha nkumatsekera. Tiwayendetse pamodzi, akhale ndi anthu owasamala olipidwa bwino, ndipo aliyense wofuna kuyeza kanthu, kaya ndi wophunzira wa ku Mzuzu kaya ndi kontilakita wa ku Lilongwe, azibuka nthawi yake, alipire, ayeze.

Masiku ano aliyense akukamba za migodi. Ku Kasiya kwapezeka rutile yemwe akuti ndi wochuluka kuposa malo ena alionse padziko, pamodzi ndi graphite, mpaka Rio Tinto inagula masheya mu kampani ya Sovereign Metals mu 2023. Ku Kangankunde ku Balaka ndi ku Songwe Hill ku Phalombe kuli ma rare earth, ku Kanyika ku Mzimba kuli niobium, ndipo Kayelekera yomwe inaima mu 2014 yayambanso kutulutsa uranium mu 2025. Malawi 2063 ikunena za migodi ndi mafakitale, atsogoleri athu onse amati tisiye kutumiza miyala yaiwisi kunja, tiziyamba taikonza konkuno. Zabwino zedi. Koma miyala yomwe sungathe kuiyeza wekha uikonza bwanji? Masampulo ambiri a makampani ofufuza migodi amakwera ndege kupita ku Johannesburg kapena ku Perth ku Australia, ndipo manambala omwe timawerenga aja, akuti muli zakutizakuti zochuluka chonchi, amachokera kumeneko. Sindikunena kuti makampaniwa amanama ayi, malamulo a msika wa masheya amawakakamiza kufotokoza poyera mmene masampulo awo anayezedwera. Koma ifeyo eni nthaka tikuyenera kukhala ndi pena pomwe tingatenge sampulo yomweyo nkuyeza patokha, chifukwa royalty, ndalama yomwe boma limalandira pa miyala yokumbidwa, amawerengera pa mtengo wa zomwe zatuluka, nde ngati sudziwa zomwe zatuluka umangovomera zomwe wauzidwa basi.

Tsono vuto lake ndi loti ntchito imeneyi siitheka ndi makina amodzi, ndipo apa mpomwe anthu ambiri ogula zinthu m'maofesi samvetsa. Pali makina otchedwa XRF, amenewa amawomba sampulo ndi ma X-ray nkukuuza kuti muli titanium wochuluka chonchi, iron chonchi, silicon chonchi. Koma sangakuuze kuti titanium ameneyo wakhala mu mwala wanji. Rutile ndi anatase, mwachitsanzo, zonse ziwiri ndi titanium dioxide, pa XRF zimaoneka chimodzimodzi, koma ma atomu ake anayalana mosiyana ndipo pa msika si chinthu chimodzi. Kuti uzisiyanitse umafunika XRD, makina oona mmene ma atomu ayalanirana, nzeru yomwe a William Henry Bragg ndi mwana wawo Lawrence analandirira Nobel mu 1915. Ukafuna kuona maonekedwe a timchengato, kukula kwake, ngati tamatirirana ndi zina, umapita pa SEM, maikulosikopu yomwe imaona ndi ma electron mmalo mwa kuwala. Ukafuna tinthu tochepetsetsa, monga uranium kapena lead mmadzi a pa chitsime cha pafupi ndi mgodi, umasungunula sampulo mu asidi nkupita nayo pa makina ena otchedwa ICP. Funso limodzi lokha limatha kufuna makina anayi. Nde dipatimenti iti muno m'Malawi yomwe ingagule onsewa nkumawayendetsa? Palibe. Zomwe zimachitika nzoti a chemistry apeza amodzi kudzera mu pulojekiti yawo, a geology apeza ena, a engineering ena, aliyense kwake, ndipo wophunzira yemwe akufuna onse anayi amathera kulemba makalata ndi kugogoda zitseko mpaka chaka cha maphunziro chitha.

Mwina owerenga ena sanaonepo mmene SEM imagwirira ntchito, ndifotokoze pang'ono chifukwa mukaona mudziwa chifukwa chake sichinthu chongogula nkuika pa tebulo. Umatenga kaufa ka dongo kochepa kwambiri, kosadzaza ndi nsonga ya chikhadabo, nkukamata pa kachitsulo kozungulira ndi tepi yakuda ya carbon. Wavala magolovesi chifukwa mafuta a m'zala amaononga. Popeza dongo silidutsa magetsi, umayamba waliika mu kamakina kena komwe kamalikuta ndi golide wopyapyala kwambiri, apo ayi chithunzi chimangowala mbee osaona kanthu. Kenako umatsegula chitseko cha SEM, kulowetsa, kutseka, mapampu nkuyamba kukoka mpweya wonse mkatimo, umadikira. Chithunzi chikabwera pa sikirini choyamba chimakhala chimbuuzi, umapotoza pang'onopang'ono, kenako dongo lija lomwe m'manja limaoneka ngati ufa wamba limaoneka timapepala ta makona 6 tosanjikizana bwinobwino, ameneyo ndi kaolinite. Ndaonapo ophunzira akuluakulu atangoti kukamwa yasa. Koma nthawi imeneyo galimoto yaikulu ikadutsa pafupi chithunzi chimanjenjemera, chipinda chikatentha zinthu zimasuntha, ndipo magetsi akangothima mwadzidzidzi mapampu ali pa liwiro ukhoza kuononga chinthu cha ndalama zambiri pa sekondi imodzi. Kawaya ka tungsten komwe kamatulutsa ma electron aja kamapsa pakangotha maola makumi angapo, pena kupitirirako 100, ndipo kumafunika munthu wodziwa kusintha ndi kulunjikitsa bwino.

Makina ena aja nawo ali ndi njala zawo. ICP imadya mpweya wa argon moti silinda imodzi imatha pa tsiku limodzi kapena awiri ogwira ntchito. XRD imafuna madzi ozizira ozungulira nthawi zonse kuti chubu cha X-ray chisapse, komanso chilolezo chochokera ku Atomic Energy Regulatory Authority chifukwa ndi nkhani ya radiation. Onsewa amafuna ma standard, timasampulo todziwika kale zomwe zilimo toyezera ngati makina akunena zoona, ndipo timeneti timagulidwa kunja ndi madola. Anthu a ntchitoyi amawerengera kuti kontilakiti yoti injiniya wa kampani yopanga makinawo azibwera kudzawasevisa imadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mtengo wogulira, chaka chilichonse. SEM yabwino ndi madola masauzande mazana angapo, nde werengerani nokha. Ndipo kumbukirani kuti kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, nkugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, bajeti ya dipatimenti yomwe inalembedwa mu kwacha inangosungunuka pomwe mtengo wa spare uli pomwepo mu dola kapena euro. Pamene namondwe Ana anaononga Kapichira mu January 2022 dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 kwa chaka chopitirira, ndipo labu iliyonse yopanda UPS (mabatire ogwirizira makina magetsi akathima) ndi jenereta yakeyake inali pa chiopsezo tsiku ndi tsiku.

Zomwe ndaziona ndi maso anga, pa sukulu ina yomwe sinditchula, ndi izi. Makina abwera ndi ma donor, pachitika mwambo, riboni yadulidwa, zithunzi zajambulidwa. Injiniya wochokera kunja waphunzitsa anthu awiri kwa sabata, mmodzi wa iwo ndi lekichala yemwe posakhalitsa wapita kukachita PhD, winayo ndi bwana wa pulojekiti yemwe alibe nthawi yokhala mu labu. Kiyi wa chipinda ali mu dilowa ya bwanayo. Wophunzira wa dipatimenti ina akabwera amauzidwa kuti makinawa ndi a pulojekiti, mukaononga alipira ndani, bwererani abwana akabwera ku wekishopu. Pulojekiti ikutha patatha zaka 3, ndalama ya argon ndi sevisi yathera pomwepo. Kenako kachinthu kakang'ono kafa, mwina bolodi imodzi kapena pampu, palibe ndalama ya mu bajeti yogulira, makina afundidwa pulasitiki, mapemphe alowa, chinyezi cha dzinja chadya mawaya, kompyuta yake yomwe inali ndi software ya laisensi wina waitenga kukalembera malipoti. Patatha zaka zingapo pabwera pulojekiti ina, ndipo mu proposal alembamo kuti tikufuna makina omwewo atsopano. Zimandiwawa kwambiri chifukwa makina amenewo sanafe ndi ntchito, anafa ndi kukhala. Ndipo bwana uja sindimuda kwenikweni, mantha ake ndi oona, akudziwa kuti zikaonongeka palibe amuthandize, nde amaona bola kutseka. Dongosolo lathu ndi lomwe limamuphunzitsa umbombo.

Kumudzi nkhani imeneyi tinaithetsa kalekale pa mjigo. Bungwe likakumba mjigo nkuchoka osasiya komiti, pakatha chaka labala yatha, ndodo yathyoka, amayi abwerera kudambo. Koma pomwe pali komiti, khomo lililonse likusonkha kangachepe pa mwezi, pali kabuku, pali mekaniki wa dera yemwe amaitanidwa, mjigo womwewo umatha zaka ndi zaka ngakhale ukutungidwa ndi mudzi wonse kuyambira mbandakucha. Kuchuluka kwa otunga ndi komwe kumabweretsa ndalama yokonzera. Makina a labu ndi chimodzimodzi, ndipo ambiri mwa iwo amakhala bwino akamayaka nthawi zonse kusiyana ndi kuzimitsidwa miyezi.

Maiko olemera, omwe tingaganize kuti pulofesa aliyense angagule zake, ndi omwe anayamba kugawana. Ku America, Soviet Union itaponya mumlengalenga setilaiti yoyamba yotchedwa Sputnik mu 1957, boma linaona kuti likutsalira pa sayansi ya zipangizo, nde mu 1960 bungwe la ARPA linakhazikitsa malabu ophatikiza madipatimenti pa Cornell, University of Pennsylvania ndi Northwestern, cholinga chake a physics, a chemistry ndi a zitsulo azigwira ntchito malo amodzi pa makina amodzi. Mu 1972 malabuwa anapita mmanja mwa National Science Foundation ndipo kuyambira 1994 amatchedwa MRSEC, mpaka lero munthu wochokera ku koleji yaing'ono kapena ku kampani amatha kukabuka maola pa makina awo. Pafupi pompa ku South Africa, Stellenbosch University ili ndi Central Analytical Facilities, komwe makina akuluakulu si a dipatimenti koma ali pansi pa ofesi imodzi yokhala ndi antchito akeake ndi mitengo yake, ndipo amalandira masampulo ochokera kunja kwa yunivesite. Ku Nelson Mandela University ku Gqeberha anatsegula mu 2011 malo a maikulosikopu yamphamvu yotha kuona ma atomu, ndipo anaimanga kuti itumikire dziko lonse osati sukulu imodzi. Ku Jordan kuli SESAME, chimakina chachikulu chotulutsa ma X-ray amphamvu chomwe chinatsegulidwa mu 2017, mamembala ake muli Israel, Iran, Palestine, Egypt, Turkey, Cyprus, Pakistan ndi Jordan yemwe. Maiko osamwerana madzi amenewa anatha kukhala pansi chifukwa palibe akanatha yekha. Ife mayunivesite athu a boma onse amadya mu thumba limodzi la Treasury, chotilepheretsa nchani?

Komanso mapu akutikomera. Zomba ndi Blantyre ndi mtunda wosafika makilomita 70. Ku Zomba kuli UNIMA ndi a chemistry, physics ndi geology ake, komanso likulu la Geological Survey. Ku Blantyre kuli MUBAS yomwe ikuphunzitsa mainjiniya a migodi, ndi Malawi Bureau of Standards ndi malabu ake atsopano. Kungotuluka pang'ono kulowera ku Thyolo kuli MUST ku Ndata, yomwe inatsegulidwa mu 2014 ndipo ikuphunzitsa za zitsulo ndi zipangizo. Malo onsewa munthu ukhoza kuwazungulira tsiku limodzi pa minibasi. Ku Lilongwe nako kuli LUANAR ndi Central Materials Laboratory ya unduna woona za misewu ndi zomangamanga. University of Malawi itagawika mu 2021 kukhala UNIMA, MUBAS ndi KUHeS panali zifukwa zake zomveka, koma chimodzi chomwe ndikuopa nchoti sukulu iliyonse tsopano ikufuna kuoneka kuti ili ndi zonse payokha, nde tigula SEM kuno SEM uko, zonse zikugwira maola ochepa pa sabata ndipo zonse zikusowa ya sevisi. Sindikunena kuti tinyamule makina onse kupita nyumba imodzi ayi, ena kuwasuntha nkuwapha. Akhale pomwe alipo, koma kabukidwe, mitengo, antchito ndi thumba la sevisi zikhale chimodzi. A ku Mzuni ndi ena akutali asamavutike ndi ulendo nthawi zonse, sampulo ya XRD ndi kaufa kokwana mu kabotolo kakang'ono, kakhoza kukwera basi ya usiku, zotsatira nkubwera pa imelo.

Ndipo tisaganize kuti izi nza migodi yokha kapena za anthu ofuna ma PhD. Kuyambira 2018 malamulo a National Construction Industry Council analetsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi zamalonda, nde paliponse pano anyamata akuumba mabuloko a simenti ndi ma SSB, njerwa za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono. Mabuloko amenewa akuyezedwa kuti? Ambiri amangoponya pansi kuona ngati lisweka. Pomwe kuyeza kwake nkosavuta, konkire umaithira mu kabokosi ka mamilimita 150 mbali zonse, kuiika mmadzi, nkuiphwanya pa makina patatha masiku 7 ndi 28, nambala yomwe yatuluka imakuuza ngati nyumbayo ipirire. Titaona mmene Freddy anagwetsera nyumba ndi milatho mu March 2023, woumba mabuloko aliyense amayenera kudziwa komwe angapititse buloko lake ndi mtengo wake, osachita kufunsa kuti kodi mukudziwako munthu ku labu.

Palinso nkhani ya simenti yomwe imandipatsa chidwi kwambiri. Chomwe chimadulitsa simenti ndi clinker, timibulu tomwe amapera popanga simenti, yemwe amaotchedwa pa moto wopitirira madigiri 1,400 ndipo wina timachita kuitanitsa kunja ndi forex yomwe tilibe. Akatswiri a ku EPFL ku Switzerland motsogozedwa ndi Pulofesa Karen Scrivener, pamodzi ndi anzawo a ku Cuba ndi India, anapanga simenti yotchedwa LC3 momwe mmalo mwa pafupifupi theka la clinker amalowetsamo dongo lootcha ndi miyala ya laimu yopera. Dongolo limangofuna madigiri a mma 800, koma likuyenera kukhala ndi kaolinite wokwana ngati 40 peresenti kupita mtsogolo. Ife dongo la kaolinite tili nalo, ku Linthipe ku Dedza ndi kodziwika kalekale. Koma kuti udziwe kuti dongo la pa dambo ili likukwana pomwe la uko silikukwana, umafunika XRD ndi makina ena otchedwa TGA omwe amayeza kulemera kwa sampulo uku akuiotcha, kenako uumbe timabuloko uphwanye. Apanso makina atatu, mwina ali m'masukulu atatu osiyana. Mwana wa masters mmodzi yemwe ali ndi mwayi wofika pa onsewa akhoza kupanga mapu a dongo la chigawo chonse chapakati. Graphite nayenso, anthu ambiri amangodziwa pensulo, koma ndi yemwe amapanga mbali imodzi ya batire ya foni ndi ya galimoto yamagetsi. Mtengo wa graphite umatengera kukula kwa timapepala take ndi kuyera kwake, zonsezo nzoyeza.

Ndikudziwa zomwe anzanga a m'madipatimenti anene chifukwa takhala tikukangana nawo. Ena amati sukulu yomwe makina ali izikondera ana ake, enafe tizikhala kumapeto kwa mzere. Nkhawa imeneyi njoona ndipo mankhwala ake ndi kalendala ya pa intaneti yomwe aliyense akuiona, kuti Lachiwiri mmawa wabuka ndi uje, masana ndi uje, komanso komiti yokhala ndi anthu ochokera m'masukulu onse yomwe iziona malipoti a maola. Pulofesa yemwe anavutika kulemba proposal mpaka makina anabwera apatsidwe masiku ake otsimikizika pa sabata, ndi zoyenera, thukuta lake lisapite pachabe, koma masiku otsalawo atsegulidwe. Ena amati ophunzira aononga. Inde akhoza kuononga ngati mwangowapatsa kiyi. Komwe zimayenda bwino munthu watsopano sagwira makina, amapereka sampulo tekinishani nkumuyezera iye akuonerera, akaphunzitsidwa nkuyesedwa amaloledwa kugwira masana tekinishani ali pafupi, ndipo okhawo odziwa kwambiri ndi omwe amaloledwa usiku ndi pa wikendi. Aliyense amasaina mu logbook, nthawi yolowa, yotuluka, sampulo yanji, chavuta nchani. Chinthu chikafa mumadziwa kuti chinayamba liti, ndipo wonena msanga kuti ndalakwitsa asamalangidwe ngati wakuba, chifukwa mukatero anthu amabisa ndipo kavuto kakang'ono kamakula.

Nkhani yovuta kwenikweni ndi ya kulipira, ndipo apa mtima wanga umagawikana. Ndaonapo ophunzira akudzilipirira okha kafukufuku, ena ndi aphunzitsi a sekondale omwe akuchotsa pa salale, kuwauza kuti ola limodzi ndi ndalama zakuti nkuwathamangitsa. Koma zaulere nazo ndi zomwe zapha makina athu. Mmene ndikuonera mitengo ikhale yosiyana, wa yunivesite ya boma azilipira yongokwanira argon, magetsi ndi tizipangizo totha, kampani ya migodi kapena ya simenti izilipira mtengo wonse ndi phindu pamwamba, ndipo wophunzira yemwe alibe pulojekiti azipempha maola ku National Commission for Science and Technology (NCST), iwo nkulipira labu mwachindunji. Chachikulu ndalama imeneyi isamalowe mu akaunti yaikulu ya yunivesite komwe ikathera ku mafuta a galimoto ndi ma allowance. Ikhale ndi akaunti yake, mbali ina mu madola ngati malamulo alola, kuti pampu ikafa lero oda ipite mawa. Makampani sangabweretse masampulo awo ngati labu ilibe chiphaso cha ISO/IEC 17025, ndipo kuti a SADCAS aku Gaborone akupatseni chimenecho amafuna kuona mabuku, ma standard, ndi antchito okhazikika, zomwe dipatimenti yokhala ndi tekinishani mmodzi wogwiranso ntchito yokonzera ana mapulakitiko singakwanitse.

Apa nde ndafika pa anthu anzanga. M'mayunivesite athu tekinishani amaonedwa ngati wotsuka mabotolo ndi wotsegula zitseko. Maphunziro akunja akabwera amapita ndi malekichala, ngakhale maphunzirowo ali a kagwiritsidwe ntchito ka makina omwe lekichalayo sadzawagwira. Giredi imaima malo amodzi zaka zambiri, ndipo pepala la kafukufuku likatuluka dzina la yemwe anakhala usiku kuyeza masampulo silipezeka ngakhale pa mzere wothokoza. Nde mnyamata kapena mtsikana wanzeru akangodziwa XRF bwinobwino, kampani ya mgodi kapena ya simenti imamutenga, ndipo simungamuletse, ali ndi ana ofuna fizi. Komwe ndinakaphunzirako ku South Africa, woyang'anira makina amodzi anali munthu wa PhD yemwe ntchito yake inali makinawo basi, amawadziwa ndi kulira kwake komwe, akangolowa mchipinda amamva kuti pampu siili bwino. Mapulofesa amabwera kudzamufunsa nzeru ndipo amamvera akakana. Ife tikufunika njira yoti munthu akwere mpaka pamwamba ali mu labu momwemo osachita kusanduka lekichala kapena bwana wa mu ofesi, ndipo pa makina alionse akuluakulu pakhale anthu osachepera awiri odziwa, komanso wa zamagetsi mmodzi wotha kutsegula bolodi nkupeza capacitor yomwe yapsa. Makina ambiri omwe afundidwa pulasitiki aja vuto lake ndi laling'ono chonchi.

Pempho langa kwa a unduna woona za maphunziro apamwamba, a NCST ndi ma Vice Chancellor ndi loti tisanagulenso chilichonse tiyambe tawerenga zomwe tili nazo. Tumizani matekinishani, osati mabwana, azungulire mayunivesite onse a boma, Geological Survey, Bureau of Standards ndi malabu a maunduna, alembe makina alionse odula, dzina lake, chaka chomwe anabwera, ngati akugwira, ngati afa chafa nchani ndipo chingadye zingati, ndi nambala ya ofesi yofunsako. Mndandandawo uikidwe pa intaneti poyera, ku Britain mayunivesite amachita zimenezi kale. Kenako lamulo likhale loti proposal iliyonse yopempha makina atsopano izionetsa kuti ofanana nawo palibe pafupi, izitchula tekinishani yemwe adzawasamale, komwe ndalama ya sevisi ya zaka 5 idzachokere, ndi masiku omwe anthu akunja kwa dipatimenti adzaloledwe. Ma donor nawo tiwauze poyera kuti mmalo mwa makina achiwiri atipatse UPS, solar, ma spare ndi maphunziro a antchito. Ndipo inu a Mkonzi, tumizaniko mtolankhani wanu m'malabumu, asakathere mu ofesi ya mneneri, akapemphe kuona logbook ya makina alionse ndi tsiku lomaliza lomwe munthu anasainamo.

Ine wowerenga wanu,
Tekinishani wa mu labu,
Limbe